Mkamwini Wogwa ndi Mvula

"Iwe Lenia, foni yakoyo ingadziwe kumene dzina la munthu linachokera?" Anandifunsa choncho a Mesache, amuna a mayi anga aang'ono, akupopa njinga, khutu lili kukhomo kumene akazi awo ankatsokomola.

A Mesache anabwera kuno ku Nazombe nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ali kamwana, pamsana pa mayi wachilendo amene anawatula pamsasa wa othawa nkhondo n'kusowa. Chimene amakumbukira ndi sisitere wachizungu amene ankawamwetsa phala akuitana kuti, "Mesache, Mesache!" Dzinalo analikakamira, ati sisitereyo ayenera kuti analimva kwa abale awo.

Anakula akuweta mbuzi za eni, kenako anayamba kupalasa njinga kukatenga mpunga ku Chilwa. Pokwatira mayi aang'onowo, a Aliness, ankhoswe anachita kubwereka kutchalitchi. "Mkamwini wogwa ndi mvula!" anthu ankatero. Iwo ankaseka nawo, uku akuumba njerwa pamalo a akazi awo. Mwana Mulungu sanawapatse.

Chaka chino chifuwa cha a Aliness chakana mankhwala, ndipo kuseka kuja kwatha. Kwathu kuno mkazi akamwalira, mwamuna amamusudzula, abwerere kwawo. Nanga wopanda kwawo? Amalume a Dickson, mwini mbumba, anawauza ali pamowa: "Alamu, njira amafunsa dzuwa likadalipo." Kuyambira pamenepo a Mesache akhala akuimitsa nkhalamba za Chilomwe ndi ogulitsa nsomba ochokera ku Milanje, kufunsa ngati kuli mudzi wa dzinali. Onse amangopukusa mitu.

Ndinafufuza mpaka bandulo inatha. Ndinawapeza akusenda nandolo, ndipo ndinawauza mosabisa. Liwu loti Mesache ndi la chinenero chaching'ono cha ku Spain, cha anthu a m'mapiri a Aragon, ndipo limangotanthauza mnyamata. Akuti ndi pachibale ndi meseji ya Chingerezi. Chisipanishi ndi Chitaliyana zilinso ndi mawu ofanana nalo otanthauza uthenga, poti anyamata ndiwo ankatumidwa.

"Ndiye kuti mwana aliyense pamsasapo anali Mesache?"

"Mwina, bambo."

Nandolo anagwera pansi, nkhuku n'kumatola, iwo osaziingitsa. "Usawauze amayi ako aang'ono," anatero motsitsa mawu. "Akudziwa kuti kwathu kwatsala pang'ono kupezeka. N'chimene chikuwagonetsa tulo."

M'nyumba chifuwa chinayambanso, iwo anathamangira komweko ndi kapu ya madzi.

Ine sukulu ndinalekeza, ndipo pabwalo la akulu sindinayankhulepo. Koma ndine mwana wamkazi wa pano, ndipo munda wa kutsidya kwa khwawa udzakhala wanga. Ndatsimikiza mtima kuti Loweruka, amalume asanapite kumowa, ndikagwada pakhomo pawo ndi kuwauza kuti a Mesache akadzasudzulidwa, adzamange pamunda wangawo. Ndipita ndithu.