Kandowa Kouma ka Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anabwera kuchokera kuchipatala ndi mlongo wanga wakhanda. Tinkachita lendi ku Nkolokosa, chimbudzi chili panja. Poti amayi anali m'chikuta, osatuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa, azakhali, alongo awo a bambo, anandipatsa ntchito yokhuthula kandowa komwe amayi ankatayiramo madzi.

Ntchitoyo ndinkadana nayo. Tsiku loyamba nditapezamo timadontho tokha, ndinasangalala. Mawa lake chimodzimodzi. Mlesi ine ndinati ndi mwayi, n'kuthamangira ku fulaye.

Koma amayi ankabuula. M'munsi mwa mchombo munatupa n'kulimba ngati dzungu. Azakhali ankangowathowa ndi nsalu ya madzi otentha. "N'chiberekero ichi, alamu, chikubwerera m'malo. Tonse tinadutsamo." Bambo, potsata mwambo, ankathera pakhomo n'kufunsa ngati adzuka bwino. Amayi ankayankha kuti adzuka, kenako n'kuluma chitenje. Manyazi anawamanga pakamwa.

Mmawa wachitatu ndinawaona atakhalira kandowa kaja, misozi ili mbwee, osatuluka kanthu. Mantha anandigwira. Bambo anali pakhonde ndi a Yusufu, aneba athu oyendetsa minibasi, ndipo ndinangolankhula mosapsatira.

"Ababa, amayi sakukodza. Lero ndi tsiku lachitatu."

Azakhali anandipotokola khutu mpaka ndinaona nyenyezi. "Mwana wopanda mwambo iwe! Pamaso pa azibambo?"

A Yusufu anali ataimirira kale. "Achimwene, izi zinawachitikirapo akazi anga. Atengeni, galimoto ilipo."

Kuchipatala anamwino anawaika kapaipi, madzi onse n'kutuluka. Anati mayi akavutika nthawi yaitali pobereka, chikhodzodzo chimatha kuchita dzanzi, ndipo kuchedwa kukanawononga ndi impso zomwe. Amayi anakhala ndi kapaipiko sabata yathunthu, kathumba kake ndinkakhuthula ndine, osanyinyirika. Atakachotsa, ndinkawayang'anira wotchi kuti azipita kukataya madzi ngakhale asanamve kufuna.

Khutu linapola msanga. Chimene chimandiwawabe ndi masiku awiri aja amene ndinkasekerera kandowa kouma, amayi anga akuvutika. Umboni ndinali nawo m'manja ndine ndekha.

Lero ndikapita kukaona mwana, anzanga amathamangira kufunsa dzina ndi amene wafanana naye. Ine ndimayamba ndakhala pafupi ndi mayiyo n'kumunong'oneza: "Nanga inu, madzi mukutaya bwinobwino?" Ena amandiyang'ana ngati wopanda mwambo. Dzinalo ndinalizolowera kalekale.