Fanele ya Ababa Pansi pa Bampala

Ababa anga anali mmisiri wa malata ku Ndirande. Zidebe, ndowa, mbaula, mafanele othirira parafini, zonsezo zinkatuluka m'manja mwawo, ndipo ife tinakula ndi phokoso la nyundo mpaka makutu anasiya kulimva. Tinadzalimva litaleka. Sitiroko inawagwira Lachisanu lina akuchokera ku mzikiti, inawaumitsa dzanja lamanzere ndi kuwapotoza pakamwa pang'ono. Atatuluka m'chipatala anakhala pampando pakhonde, maso ali pa mpanda wa aneba, osafunanso kuona chitsulo chilichonse.

Anamwino anatiuza kuti dzanjalo likhoza kudzuka ngati mwini wake akuligwiritsa ntchito. Koma mwini wakeyo ndiye sankafuna. Ine ndine mwana wawo woyamba, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditabwerera pakhomo banja litatha, amayi atatisiya kale. Ndinkawanyengerera, ndinkawakalipira, ndinkawaikira nyundo pamiyendo. Iwo ankangoisiya igwe pansi. Mantha anga anali amodzi okha, oti ababa atithera m'manja akupumabe.

Mlongo wanga wamng'ono anali ndi kagalimoto kakale komwe ankanyamulira anthu pakati pa Kameza ndi m'tauni. Mlongo wangayu ndi mmodzi wa anthu aja oti chinthu chikamayenda bwino amachiyang'ana ndi diso loipa. Tsiku lina anatsegula boneti, anachotsa bokosi lakuda la pulasitiki lomwe injini imakokeramo mpweya, n'kuikapo paipi yonyezimira yokhala ndi fyuluta yofiira kumapeto kwake. Bokosi lakalelo analiponya kuseri kwa nyumba, ine n'kulitola kuti ndizipatsiramo nkhuku madeya.

"Achemwali, tamverani sawundi," anatero akuponda moto. "Apa injini ikupuma mpweya wa fuleshi, wozizira. Pawa yake simungaimvetse."

"Ine ndikungomva phokoso," ndinamuyankha. "Amene anaika bokosi lija anali opusa?"

Anangondiseka. Ndinati mumtima, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Sinachedwe kumufotera. M'mawa kukali kozizira galimoto inkakokadi bwino, izi sindingakane. Koma Okutobala atafika, ikaima pa mdipiti wa magalimoto pa raundabauti ya Kameza dzuwa lili paliwombo, zinthu zinkasintha. Kutentha konse kwa injini ndi ekizozi kunalibe kotulukira, kunkangodzazana pansi pa boneti n'kulowerera m'paipi muja. Fyuluta yofiira ija inali pamtetete pambali pa injini, ikumwa mpweya wotentha womwewo. Msewu ukatseguka, iye n'kuponda moto, galimoto inkalira kwambiri koma osayenda. Pa chitunda cha ku Chemusa maminibasi odzaza ankamupitirira, makondakitala akumufunsa ngati akufuna kukankhidwa. Tsiku lina atafika pakhomo ndinagwira paipiyo ndi chala, ndipo chithuza chake ndinakhala nacho mpaka sabata inatha.

Ndiye anayamba zoyesayesa, pabwalo pomwepo, pamaso pa ababa. Anakulunga paipi ndi foyilo wanga wa kukhitchini, n'kung'ambika. Anaikulunga ndi chiguduli chonyowa, chinauma asanafike pamsika. Anaika mawashala pa mahinji kuti boneti izikhala yokweza kumbuyo, galimoto n'kumaoneka ngati yachita ngozi. Anafika poganiza zochotsa nyali imodzi yakutsogolo kuti mphepo izilowa, ndipo apo m'pomwe ndinamuuza kuti apolisi akamugwira asandiimbire foni.

Madzulo ena akumatanso foyilo wina, tinamva mawu kuchokera pakhonde.

"Moto sautchinga ndi pepala."

Tonse tinatembenuka. Chidwalireni, ababa anali asanalankhulepo chilichonse chokhudza ntchito. Mawu awo anali madzi, mankhwala, ndi kuti tiwasiye.

"Mwati chiyani, ababa?" anafunsa mlongo wanga.

"Ndigwire, ndione."

Tinawadzutsa, tinawafikitsa pa galimoto. Anasuzumira nthawi yaitali, akupuma movutikira, kenako anayamba kufotokoza ndi pakamwa pawo popotoka paja. Anati tiganize za mbaula. Kutentha kumakwera m'mwamba, mphepo yozizira imalowa pa kakhomo ka pansi. Ndiye fyulutayo iyenera kutsekeredwa m'chitini chakechake, chokhala ndi malata awiri osiyana mpata pakati kuti kutentha kwa injini kusadutse. Kuchokera m'chitinimo, paipi itsike mpaka pansi pa bampala, kumene kumawomba mphepo ya pamsewu, ndipo kukamwa kwake kukhale kotambasuka ngati fanele.

Ndinalowa m'nyumba n'kukalira kuchipinda kuti asandione.

M'mawa mwake anandituma kukatsegula shedi yawo. Munali akangaude ndi fungo la dzimbiri. Ndinatulutsa nyundo, lumo lodulira malata, chitsulo chosulirapo, mtovu wowotcherera. Iwo ankalemba mizere pa lata ndi msomali, ine ndikugwira. Poyamba dzanja lamanzere linkangogona pa lata ngati si lawo. Koma ntchito ili ndi njira zake zokakamizira munthu. Lata likafuna kuterereka, dzanjalo linkayesa kulipanikiza lokha, iwo osazindikira. Ine ndinkaona koma osanena, kuopa kuti ndikanena lileka.

Ankakalipa ngati kale. "Mama, wagwira bwanji pamenepo? Ukufuna ndikudule chala?" Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati masiku amenewo.

Tsiku lina anaona bokosi lakuda lija nkhuku zikujompholamo, anati ndiwabweretsere. Analitembenuza, anapeza kabowo kakang'ono pansi pake, anapisamo msomali n'kupukusa mutu.

"Taona ntchito ya ku fakitale. Chinthu chobowoka pansi. Ine nditagulitsa chidebe chotere, kasitomala angabwere nacho pano akutukwana."

Tinaseka tonse, iwonso anaseka, kuseka kwawo koyamba chichokereni kuchipatala.

Mmisiri wa malata aliyense ku Ndirande amayesa ntchito yake ndi madzi. Chidebe chikatha amachidzaza, n'kuchikhazika pa simenti youma, wogula akuona. Dontho limodzi lokha likaoneka, dzina lako lapita. Ababa anali atachita zimenezi moyo wawo wonse, ndipo paipi ya galimoto sanaione ngati chinthu chosiyana. Msoko uliwonse anaupinda kawiri, anaumenya, anauwotcherera ndi mtovu. Atamaliza anatseka mbali imodzi ndi pulasitiki womanga ndi mphira, anati ndithiremo madzi mpaka pakamwa. Tinaimika paipiyo ndi chitini chake pakhonde, tinadikira. Simenti inakhala youma gwa.

"Imeneyo ndiye ntchito," anatero.

Ndipo inagwiradi. Mlongo wanga anabwera masana ena kuchokera ku Kameza, dzuwa likuswa mtengo, anatsegula boneti n'kundikoka dzanja. Ndinakana, pokumbukira chithuza chija, koma anandigwiritsa paipi mokakamiza. Inali yofunda chabe, ngati kapu ya tiyi amene waiwalika patebulo. Anati pa chitunda chija wakwera osasintha giya, ndipo makondakitala asiya kumunyoza.

"Ababa, inu ndi injiniya," anatero. "Magaye pa siteji akufunsa kuti ndapangitsa kuti."

Anzake awiri anabweradi kudzaona, anapempha kuti ababa awapangire zawo. Ababa anayamba kudzuka okha m'mawa. Anandiuza kuti ndisese m'shedi ndi kuwagulira malata ena. Lachisanu anayenda wapansi kupita ku mzikiti, ndi ndodo, akukana kugwiridwa. Dzanja lija linayamba kugwira kapu. Ine ndinayamba kugona tulo.

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganiza za mvula. Tinkalimbana ndi dzuwa, ndipo dzuwalo tinali titaligonjetsa.

Mu Januwale mvula inagwa yamphamvu masana. Kufupi ndi msika kuli malo amene ngalande imatsekeka ndi zinyalala chaka chilichonse, madzi n'kuyamba kuyenda pamwamba pa tala. Sanali ambiri, ana ankawoloka atangokwinya makabudula. Magalimoto ena ankadutsa, ang'onoang'ono omwe. Mlongo wanga anatsatira pambuyo pawo monga ankachitira zaka zonse. Akuti anangomva kugunda kamodzi pansi pa boneti, injini n'kuzima. Fanele ija inali itatunga madzi, paipi n'kuwakweza onse osataya ndi dontho lomwe.

Galimotoyo anaikoka ndi chingwe mpaka pakhomo. M'mawa mwake kunabwera makaniko wa ku Chilomoni, munthu woti sankatidziwa. Anamasula mapulagi, anapukusa injini ndi sipanala, madzi akuda anatumphuka m'mabowo. Anati ndodo za mapisitoni zapindika, ndipo injiniyo yatha ntchito. Kenako anagwada, anasuzumira pansi pa bampala, n'kuyamba kuseka.

"Ndani anakupangirani ndowa imeneyi, biggie? Mwaika chotungira madzi pa injini?"

Ababa anali pakhonde, pafupi pomwepo. Mlongo wanga anamutsinzinira diso, ine ndinatsokomola, koma munthuyo pakamwa pake panali patatseguka kale. Anaona bokosi lakuda lija pakhola, analitola, anakhutula madeya a nkhuku zanga.

"Ili ndiye lake. Limakokera mpweya m'mwamba umu, kufupi ndi boneti. Ndipo mukuona kabowo aka? N'kotulutsira madzi akalowa. Amene anapanga chanuchi anamata paliponse, madzi akanathawira kuti?"

Mpaka lero ndikamukumbukira bamboyo mtima umandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti sananame. Ndinamuuza kuti tinamuitanira injini, osati ulaliki. Anandiyang'ana modabwa, kenako anayang'ana pakhonde, anaona lumo ndi nyundo pambali pa mpando, ndipo anazindikira mochedwa.

"Bweretsa kuno," anatero ababa.

"Ababa, zisiyeni," anatero mlongo wanga. "Ndine ndalakwitsa, ndinalowa m'madzi ndi sipidi."

"Ndati bweretsa."

Mlongo wanga anamasula paipi ndi chitini chake, anawapatsa. Chinali cholemera. Ababa anachiika pamiyendo, anayendetsa chala pa misoko yonse, umodzi umodzi, ngati mmene ankachitira ndi chidebe asanachipereke kwa mwini wake. Kunja konse kunali kouma. Atachipendeketsa, madzi amatope a dzulo anakhuthukira pa mapazi awo.

"Sichinadonthe," anatero, motsitsa mawu.

Madzulo ndinapeza atakankhira zida zonse pansi pa mpando ndi phazi.

Tinayesa zonse. Mlongo wanga anawalumbirira kuti ngakhale bokosi la ku fakitale likanamwa madzi tsiku limenelo. Aneba anabwera ndi mawu awo oti chakudza sichiimba ng'oma, ngati kuti mwambi ungawongole chitsulo. Ashehe anadzakhala nawo masana onse. Anzake a mlongo wanga aja atabweranso, mmodzi anati iye akufunabe chitinicho, bola paipi ikwere m'mwamba ndipo pansi abowole. Ndinathamangira kukawauza ababa, ndikuganiza kuti mwina apa pali khomo.

"Mama, ndaphera mwana wanga galimoto. Ukufuna ndiphenso ya mwana wa eni?"

Galimotoyo inakhala pabwalo mpaka matayala anaphwa, kenako inagulitsidwa zidutswazidutswa. Mlongo wanga tsopano amayendetsa minibasi ya munthu wina, ya ku Machinjiri, ndipo sanadandaulepo pamaso pa ababa. Koma iwo amamuona akutuluka m'bandakucha ndi jekete lake, wapansi, ndipo safuna wina woti awauze.

Dzanja lija linabwerera mwakale, kenako linapitirira. Zala zinapindikira mkati, moti pozisambitsa ndimachita kuziwongola chimodzichimodzi. Ku mzikiti anasiya kupita. Malata amene ndinawagulira aja ali m'shedi, achita dzimbiri m'mbali. Ndatopa, ndipo sindikubisa. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti ndinawaona atabwerera. Akanapanda kudzuka konse, mwina ndikanazolowera. Koma ndinagwira nawo lata, ndinamva dzanjalo likupanikiza pambali pa langa, ndipo ndikudziwa kuti mphamvu inalimo. Tsopano ndikawaikira nyundo pamiyendo saigwetsanso. Amangoiyang'ana mpaka ndiichotse ndekha.

Paipiyo ndinaiimika kuseri kwa nyumba, pakona ya khola, fanele ikuyang'ana kumwamba. Kuitaya ndalephera. Mvula ikagwa imadzaza, ndipo ndimachita kukaikhuthula kuopa udzudzu. Nthawi zonse ndisanaipendeketse ndimayang'ana pansi pake, ndikulakalaka nditapeza ngakhale kadontho kamodzi koti ndikawauze ababa kuti nayonso yabowoka, madzi akutuluka. Mvula zingapo zadutsa, ndipo misoko yake ikadali youma.