Mwini Mwana Atsale

Ndimaphunzitsa Chingerezi ku Mzimba boma, ndipo chaka chilichonse timafika pa mawu akuti "own", onena za chinthu chakochako. Ndimauza ana kuti mawuwa amagwira ntchito pa njinga, pa munda, ngakhale pa mayi wokubala. Iwo amalemba mosangalala.

Mchimwene wanga atamwalira anasiya mkazi, Mchewa wa ku Dowa, ndi kamtsikana kamodzi. Kwathu kuno ng'ombe za lobola zikapita, mwana ndi wakuchimuna. Abale anati mwanayo akhale ndi ine, azakhali ake (kwathu timati ankhazi), ndipo sindinakane. Kunena zoona ndinakondwa, poti ine Mulungu sanandipatse wanga.

Mlamu wangayo sanabwerere ku Dowa. Anakhazikika pa Jenda n'kumagulitsa tomato m'mbali mwa msewu kuti mwana asamutalikire. Zinkandipsetsa mtima. Bwanji osangopita kwawo ife tipume? Pa holide ndinkamupititsira mwanayo m'mawa, madzulo n'kukamutenga, ngati khasu lobwereketsa.

Tsiku lina tili kumudzi mwana anadwala malungo, ndipo anamugoneka kuchipatala ku Embangweni. Uthenga utafika pa Jenda, mlamu anabwera pa kabaza, fumbi lili mbuu m'mutu monse. Namwino ataona kuti tachuluka pabedi anati, "Mwini mwana atsale, enanu mudikire panja."

Ndinakhala pampando msangamsanga. Palibe anandiuza kutero, ndinakhala ndekha. Mlamu anayang'ana ine, anayang'ana mwana, kenako anamanga bwino chitenje chake.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "mwana wanuyu akatentha thupi safuna bulangete kumapazi. Akamwa mankhwala mumusisite kumsana, apo ayi asanza. Yewo chomene pomusamala."

Anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo, poyang'anana ndi zenera lathu. Ndinavundukula mapazi a mwana, ndinamusisita kumsana, mankhwala anakhazikika. Mwanayo sanalire ayi. Anangotembenukira kuzenera, ine ndikusisita msana umene wandifulatira.

Patapita nthawi anati, "Ankhazi, mwatopa chomene. Pitani mukapumeko panja, amama akugwirireni pang'ono. Mbwenu mubweranso."

Manyazi anandigwira. Mwana wamng'ono chotero, malungo ali m'thupi, anali ataphunzira kale kuti mayi ake ayenera kuwapempha kwa ine, ndiponso mwanzeru kuti ndisakhumudwe. Ndinadzuka n'kukawaitana, ndipo pansi pa mtengopo ndinakhala ine.

Ndikanakonda kunena kuti zinasintha. Atachira ndinabwerera naye ku boma, poti sukulu yake ili kuno, abale anagamula kale, ndipo inenso nyumba yopanda mawu ake ndimaiopa. Zifukwa ndili nazo zambiri, koma palibe chimene chimandigonetsa tulo.

Mlamu akadali pa Jenda. Ndikadutsa pamenepo amandithamangira pa zenera la minibasi ndi kajumbo ka tomato wosankha.

"Tengani alamu," amatero, "mukamuphikire mwana wanu."