Thadzi la a Nyirenda

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndatsanzika kuntchito, kuchipinda cha angozi kuja, poti Lachisanu ndikukwera ndege ya ku Ireland. Ndimati ndituluka osalira, koma zakanika.

Masana ndikuvula magulovu, mlonda wandiuza kuti panja pali anthu akufuna "anesi aafupi aja". Kutuluka, ndapeza ndi a Nyirenda a ku Simlemba, bambo amene ndinawasoka mwendo chaka chatha atadzitema ndi nkhwangwa podula mitengo ya chigafa. Apalasa njinga mtunda wonsewo, akazi awo ali pakaliyala, thadzi lamawangamawanga lili m'manja.

Bambowo akuti, "Tamva kuti mukupita kunja. Nkhuku iyi mukawete kumeneko, musamakagule mazira."

Anzanga amaseka, koma ine ndagwada n'kulandira ndi manja awiri. Ndikanayamba bwanji kuwauza kuti nkhuku sikwera ndege?

Powaperekeza, mayi aja andinong'oneza kuti thadzilo amati aligulitse, awonjezere pa ndalama yowombolera feteleza wa kuponi. Koma bambo anakana, amvekere, "Mwendo uja ukanapita, fetelezayo akanathira ndani?"

Apa m'pamene misozi yandigonjetsa, pageti pomwe, yunifolomu ili m'thupi.

Panopa thadzi lili kubafa kwanga, likujompha gaga. Kulibweza ndi mwano, kulipha sindingathe. Amayi, mungalisunge kwathu ku Kalulumako?

Nanga inu amalume, poti mumadziwa kulankhula ndi akuluakulu, tandiuzani: thumba la feteleza lingafike bwanji pakhomo pawo, iwo osaona ngati ndawalipira nkhuku yawo?