Dothi lomwe mtsinje udakwirira

Ndine munthu wamtima wapachala, sindibisa. Chaka chomwe madzi adalowa mpaka m'nyumba zathu, mtima umenewu udawononga mbewu yomwe tikadadya.

Dimba lomwe timalima ndi la kwawo kwa mkazi wanga, kumunsi kwa mudzi kumene Shire amakhota. Ndidalilima zaka zambiri, ndipo ndinkalidziwa ngakhale nditatsinzina. Linali ndi dothi la mitundu itatu. Cha kumtsinje kunali mchenga, woyenera mbatata basi. Kumapeto kwake, kotsika, kunali makande, dothi lakuda lija lomata khasu kukanyowa, lomwe likauma limang'aluka mpaka phazi kulowa. Pakati ndi pomwe padali moyo wathu: dothi lodera, losamata komanso losayoyoka. Ukalifumbata lili lonyowa linkagwirana, ukalidina ndi chala n'kuphwanyika mofewa. Kusekondale aphunzitsi a zaulimi adatiuza kuti dothi lotere ndi msakanizo wa mchenga, matope osalala ndi dongo, popanda choposa chinzake. Chimanga chinkakula pamenepo ndi chinyontho chokha, mvula italeka kalekale.

Chaka chimenecho mapira a kumunda wa kumtunda adagwa n'kuolera m'madzi. Chomwe chidapulumuka ndi ndowa imodzi ya mbewu ya chimanga, yomwe mkazi wanga adaimangirira kudenga. Ndowa imodzi, nyumba ya ana anayi. Ndinkadziwa chotsatira mbewu imeneyo ikalephera: mkazi wanga kulowa m'dambo kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi tomwe timadya njala ikafika. Madzi ake amafika m'chifuwa, ndipo ng'ona zimakhala momwemo.

Madzi ataphwa tidapita kukaona dimba. Sindidalizindikire. Pakati paja, pa dothi labwino, padali mchenga woyera mbee, ngati bwalo. Kotsika kuja kudadzaza n'kukhala see, ndipo pamwamba pake padali matope atsopano, akuda, osalala ngati ufa wonyowa. Mtima udakhala pansi. Ndidati mtsinje walanda uku n'kubweza uku.

Ndidachita zomwe ndidaphunzira. Ndidatapa matope aja m'botolo, n'kuthira madzi, n'kukhutchumula, n'kuliimika pachitsa kuti dothi lidikhe. Mchenga umayamba kukhala pansi, kenako matope osalala, dongo pamwamba. Ndikuyembekeza choncho, adatulukira alamu anga, achimwene a mkazi wanga, msodzi, akuchokera kubwato lawo bango lili m'manja.

“Alamu, kachasu wa matope mwayamba liti?”

“Ndikuyeza dothi,” ndidatero.

“Eya. Mwatapa pati?”

“Pomwe mwapondapo.”

“Pamwamba? Chimanga chanu chimadya pamwamba ngati nkhuku?”

Adazika bango lija pansi n'kulikankha pang'onopang'ono, khutu atapendeketsa. Lidalowa mwakachetechete kutalika kwa chikhato, kenako lidayamba kulira tseketseke.

“Mwamva? Mtsinje ukamathamanga umataya mchenga. Ukatopa ndi pomwe umapaka matope pamwamba. Apa wangozira, alamu, monga amazirira pakhonde akazi. Pansi apa mchenga wokhawokha, mwina kuposa msinkhu wanu. Dothi lanu lija silidapite kulikonse. Lili uko, pansi pa mchenga woyerawo. Kumbani maenje mulipeze.”

Munthu wanzeru akadatenga bangolo n'kuyesa yekha. Ine magazi adakwera kumutu. Botolo langa linkaonetsa dothi lokongola, ndipo ine ndidafika fomu folo. Ndidawauza kuti adziwe za milamba ndi maukonde, za nthaka asiyire omwe adaziwerenga. Ndidawonjezanso za kalasi yomwe adalekera sukulu, mawu omwe sindifuna kuwalemba pano. Iwo adangozula bango lawo.

“Pyadidi,” adatero m'Chisena, kutanthauza kuti chabwino. “Dimba ndi la mlongo wanga, koma khasu ndi lanu.”

Tsiku lobzala, mkazi wanga adabwera ndi beseni n'kuyamba kupungula mbewu m'ndowa ine ndikuona.

“Mukutani, mayi?”

“Iyi sindikupatsani.”

“Bwezerani mbewuyo!”

“Kalipani mpaka mawu athe, bambo. Ana ndidabereka ndine. Zigawo ziwiri tengani mukayese nzeru zanu, chimodzi chitsala m'nyumba.”

Ndidakalipadi, anansi adamva. Sadabweze ngakhale njere imodzi. Tidakabzala zigawo ziwirizo pamatope paja osalankhulana, iye kutsogolo ine pambuyo.

Chimanga chidamera ngati chikuthamangitsidwa. Masiku khumi okha, dimba lonse la kumunsi lidali biriwiri, masamba otambalala. Odutsa ankaima n'kuyamikira. Ndinkadutsa dala pakhomo pa alamu ndikuimba mluzu.

Sabata yachitatu ndidaona masamba akupindika dzuwa lisadafike pamutu. Ndidati ndi dzuwa chabe. Madzulo adatambasuka, ndidagona bwino. Mawa lake adapindika msanga kuposa dzulo. Tsiku lotsatira sadatambasukenso mpaka m'mawa. Ndidayamba kupita kudimba kawiri patsiku, kenako katatu, popanda chochita, kungoima n'kuyang'ana. Chakudya chidaleka kutsika. Ndidayesa kutunga madzi kumtsinje ndi ndowa ziwiri, mtunda wotopetsa, koma ndikathira paphando madzi ankazimirira ndisadawongoke n'komwe. Matope aja adauma n'kusweka zibenthuzibenthu ngati mbiya yakugwa.

Tsiku lina ndidagwada n'kukumba ndi manja pambali pa phesi limodzi. Chikhato chimodzi, dothi lakuda. Kupitirira apo, mchenga wotentha, wouma gwa. Mizu idafika pamalirepo n'kukhota, kuyenda cham'mbali kufuna madzi omwe kudalibe. Ndidakumba mpaka phewa. Mchenga. Ndidakhala pansi pomwepo.

Mkazi wanga sadanene kuti ndidakuuzani. Bwenzi zili bwino akadanena, ndikadapeza pokalipira. Adangoti, “Achimwene ali pakhomo masiku ano, akusoka ukonde.”

Padapita masiku atatu ndisadapite. Masiku atatu a chinyontho chomwe chinkatsika tsiku ndi tsiku, ine ndikulimbana ndi manyazi. Lachinayi ndidapita. Ndidawapeza pansi pa mtengo, ukonde uli pamiyendo.

“Alamu! Botolo mwaiwala kunyumba?”

Ndidati, “Chimanga chafota.”

“Ndidachiona. Ndimadutsa pamenepo ndi bwato, mukudziwa.”

“Ndabwera kuti mukatithandize kupeza dothi lija.”

“Ine wa milamba?”

“Ndidalankhula zoipa. Pepani.”

Adaseka mpaka kutsokomola. “Mlongo wanga adakwatiwa ndi tsabola. Mbewu yatsala?”

“Beseni limodzi.”

Kuseka kudatha. “Ndiye musachedwe. Mawa tambala akangolira kachiwiri.”

Tidayenda pamchenga woyera uja atatu, ine, mkazi wanga ndi alamu, iwo patsogolo ndi bango. Ankazika, kukankha, kumvetsera. Tseketseke, tseketseke, kenako zii, bango n'kulowa mofewa. Akalizula, nsonga yake inkatuluka yakuda, yonyowa. Ankayeza ndi mkono: pomwe mchenga unkalekeza m'chigongono, mkazi wanga ankazika kamtengo. Pomwe unkapitirira phewa tinkadumpha. Alamu adandipatsa bangolo kuti ndiyese. Kusinthako umakumva m'manja usadakumve m'khutu. Malo abwino adapezeka ochepa, kachigawo kokhotakhota kosafika theka la dimba lakale.

Kukumba kwake kudali chilango. Dzenje lililonse lotambalala ngati lichero, lakuya mpaka chigongono, ndipo mchenga umagumukira momwemo ukamakumba. Ukafika pansi, dothi lija n'kuoneka, lozizira, lonunkhira monga kale. Njere zitatu, n'kukwirira ndi dothi lomwelo, osati mchenga. Alamu adatithandiza tsiku limodzi n'kubwerera kunsomba zawo. Ife tidakumba masiku asanu ndi limodzi, msana ngati wathyoka, mpaka beseni lidatha.

Tidachedwa, ndipo ndinkadziwa. Anzathu chimanga chawo chidali chofika m'chiuno, ife tikubzala kumene mu Julaye. Kenako mwera udayamba kuwomba. Mphepo imeneyo inkakokolola mchenga n'kuuthira m'maenje, kukwirira timbewu tongomera kumene. M'mawa uliwonse tinkagwada dzenje ndi dzenje kuchotsa mchenga ndi zala, mosamala kuti tisathyole nsonga. Ndikamva mphepo ikuwomba padenga ndinkawerengera m'mutu maenje omwe akwiririka. Ndidakalipira ana popanda chifukwa. Ndidakalipira mbuzi za eni ake. Tsiku lina ndidakalipira mphepo yeniyeniyo, mkazi wanga n'kundifunsa ngati yayankha.

Chimanga chitatulukira pamwamba pa maenje, mantha adasintha. Tsopano kudali kutentha. Kuno kuchigwa dzuwa la Seputembala silichita masewera, ndipo chinyontho chimathawira pansi. Masana aliwonse ndinkayang'ana masamba, ndikuyembekeza kuona kupindika kuja. Ndinkalowetsa dzanja m'mbali mwa phesi mpaka kukhudza dothi kuti ndimve ngati likadali lozizira. Mchenga womwe ndinkautukwana uja ndi womwe unkaliphimba kuti lisaume. Mizere ya m'mphepete, pomwe tidaumirira kukumba ngakhale mchenga udali wakuya, idafota isadamasule. Ya pakati idamasula ngayaye n'kubereka, zisononkho zazifupi koma zodzaza.

Tidakolola mu Okutobala. Ku zigawo ziwiri zija za pamatope sitidapezeko ngakhale chisononkho chimodzi, mapesi tidapatsa ng'ombe za anansi. Za m'maenje zidadzaza matumba ochepa. Mkazi wanga adawayang'ana, adayang'ana ana, n'kunena kuti tikadya kamodzi patsiku tifika Januwale. Tidafikadi, mpaka pakati pake. Mapira atsopano a kumtunda adali asadache.

Masabata atatu otsatirawo mkazi wanga adalowa m'dambo kukazula nyika. Ndidati ndilowe ine, adakana: sindidziwa kufufuza nyika ndi zala za kuphazi, ndikadangovundula madzi pachabe. Ndidabwereka bwato la alamu n'kumamuperekeza, iye ndi amayi ena awiri. Iwo ankatsika m'madzi, ine n'kutsala chiimire m'bwato, nkhafi m'manja, maso pamadzi. Ntchito yanga idali imeneyo basi: kuyang'ana, ndi kumenya madzi ndi nkhafi ndikaona chokayikitsa. Chipika chilichonse choyandama ndinkachiyesa ng'ona. Mkazi wanga akamira kukazula, ndinkawerenga chamumtima mpaka mutu wake utatulukira. Tsiku lina ndidamenya madzi ndi mphamvu zonse, ndikukuwa, amayi onse n'kuthamangira kubwato. Chidali chitsa cha mgwalangwa.

“Bambo, mutipha ndi mantha ng'ona zisadatipeze,” adatero mkazi wanga, akupukuta kumaso. Adaponya nyika m'bwato, adapuma pang'ono atagwira m'mphepete mwake, n'kubwereranso m'madzi.