Tinsapato ta Pachitsulo

Aliyense amene patapata wake anadukirapo kufupi ndi Njombwa amawadziwa a Tobias Kamanga. Amakhala pansi pa mtengo wa mango, pamphambano pamene msewu wina umalowera kumidzi, wina kumaesiteti a fodya, atazunguliridwa ndi nsapato za eni. Zida zawo n'zochepa: singano yokhota, ulusi, kampeni kakuthwa ngati lumo, zidutswa za matayala ndi beseni lakale loviikamo zikopa. Nsapato ikafika pamenepo itayasamula ngati mlamba, imachoka itatseka pakamwa.

Koma munthu amene wasokera dera lonse sanavalepo nsapato ya m'sitolo chibadwire. A Tobias anabadwa mapazi onse awiri atapindikira m'kati, zidendene zili m'mwamba, zala zikuyang'anizana. Amapondera m'mbali mwa mapazi, pamene khungu linalimba ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo amadzisokera okha timapilo ta tayala tomanga ndi malamba. Wina akatchula mwambi uja wakuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza, iwo amaseka n'kunena kuti, "Changa sichinachite kudza ayi. Tinabwera limodzi."

Sukulu anailekeza panjira, osati chifukwa cha mutu, koma mtunda ndi anzawo amene ankawatsata pambuyo akuyerekeza kayendedwe kawo. Kumunda wa fodya nako anayesa, koma matope a m'mizere safuna mapazi otere. Amalume awo anawapatsa singano, moyo n'kukhala umenewo. Anakwatira, anabereka ana aakazi awiri, ndipo mwana aliyense atabadwa, a Tobias sanayambe n'kufunsa kuti ndi mwana wanji. Anayamba n'kuvundukula kumapazi.

Zonsezi anazizolowera, koma chimodzi chokha chinawakanika kuzolowera. Kuno anthu amati mayi wapakati akaseka munthu wolumala, mwana amatengera. Ndiye amayi oyembekezera akafika pamphambano paja ankaweramitsa nkhope n'kulambalala mtengo wa mango ngati pali njuchi. A Tobias ankangowerama n'kumasoka, koma zinkawapweteka.

Chaka china kunabwera banja la matenanti lochokera ku Phalombe, Aloysius ndi mkazi wake Ezelina, kudzalima fodya paesiteti yoyandikana ndi mphambanoyo. Ezelina anali ndi pakati. Tsiku lina akuchokera kuchigayo, mnzake anamuuza nkhani ya kapitawo amene anaterereka pamaso pa antchito ake onse, ndipo Ezelina anafa nalo phwete. Tsoka lake, phwetelo linamugwera ali pafupi ndi mtengo wa mango, anthu akuona.

M'nyengo yotentha anabereka mwana wamwamuna, Chancy, mapazi onse awiri atapindikira m'kati.

"Sitinanene?" anatero amayi pamjigo. Anali asananenepo kanthu, koma mawu amenewa sasowa mwini.

Nkhani inawapeza a Tobias ali pantchito. Sanalakwe chilichonse, komabe manyazi anawagwira mpaka anayamba kufunditsa mapazi awo chiguduli. Sabata ndi sabata ankamuona Ezelina akudutsa pakabaza kulowera kuboma, mwana ali m'manja, timiyendo tili mbee m'zikhakha kuyambira kuzala mpaka m'ntchafu. Mumtima ankati, kalanga ine, mwana wa eni amuthyola miyendo.

Mvula itafika pachimake, fodya atakhwima, Ezelina anadzaima patsogolo pawo, mwana kumsana, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Pakanakhala wosoka nsapato wina pafupi, sakanabwera. Anapisa m'jumbo n'kutulutsa chinthu chimene a Tobias anali asanachionepo pa zaka zawo zonse za ulusi ndi singano: tinsapato tiwiri tachikopa, totsegula kuzala, toloza uku ndi uku, tolumikizidwa ndi kachitsulo.

"Lamba waduka, bambo," anatero akuyang'ana pansi.

"Nanga umenewu ndi msampha wa chiyani, amake mwana?"

"N'za kuchipatala. Sabata iliyonse ankamuwongola pang'ono n'kumuika chikhakha chatsopano. Pomaliza anamucheka kamtsempha ka kuchidendene. Ndiye anatipatsa izi kuti azivala usana ndi usiku miyezi yoyambirira, kenako pogona pokha, kuti mapazi asabwerere."

"Mwati ankamuwongola?" Mawu a Tobias anatuluka mosasa. "Ndingaone nawo?"

Ezelina anazengereza, kenako anamasula chitenje n'kumutsitsa mwana. A Tobias anapukuta manja pamalaya. Pamaso pawo panali timapazi tiwiri tonenepa, zidendene pansi, zala kutsogolo. Anakhudza kuphazi ndi chala chimodzi, tizala n'kufunyirira chalacho. Mapazi amenewa anabadwa ngati awo, aliyense ankadziwa, ndipo tsopano anali mapazi ngati a mwana wina aliyense. A Tobias anangoti, "Mulungu wanga," n'kubwerezanso.

Koma diso la mmisiri silichedwa. Kaphazi kakumanzere kanali katayamba kupendekera m'kati, pang'ono pokha, ndipo mapendekedwe amenewo a Tobias ankawadziwa kuposa nkhope yawo. Anayang'ananso tinsapato tija. Chikopa chake chinali chisanafewe n'komwe.

"Mwati azivala usana ndi usiku. Bwanji zikuyendera m'jumbo?"

Apo Ezelina misozi inalengeza. "Bambo, ndingamubereke bwanji ali ndi chitsulo? Miyendo sizungulira m'chiuno. Ndikawerama chimandigogoda, ndikalowa m'mizere chimang'amba masamba, akapitawo n'kumakalipa. Womusiyira ndilibe, kwathu n'kutali. Fodya naye sadikira munthu. Kuchipatala ndikuopa kubwerera, akandikalipira." Anapukuta maso ndi chigongono. "Ndiponso anthu akuti n'zosathandiza, poti chilemachi chinachokera kwa inu."

"Ndinamva. Kodi munandiseka?"

"Ayi ndithu, bambo. Ndinkaseka za akapitawo."

"Ngakhale mukanandiseka. Mayi anga sanaseke munthu, koma si ine ndili pano?" Anatola singano. "Lamba ndisoka pompano. Koma phazi ili si la singano. Tsiku la kuchipatala tipitira limodzi, akakalipa akalipire tonse."

Tsikulo litafika a Tobias anavala jekete la kutchalitchi, zida n'kusungitsa kugolosale. Pachipatala cha kuboma anapeza benchi yodzaza amayi, aliyense ndi khanda, ena m'zikhakha, ena m'tinsapato ta pachitsulo. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Moyo wawo wonse ankayesa kuti anthu obadwa motere ndi mmodzimmodzi, koma apa anali mzere wathunthu, ndipo palibe mayi amene ankabisa mwana wake.

Wothandiza za mafupa anali mayi wamfupi, a Fainala. Sanakalipe. Anamva zonse, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Nyengo yothyola fodya imatibera ana ambiri. Mwachita bwino kubwera msanga. Tiikanso chikhakha, phazili liwongokanso."

A Tobias ankayembekeza makina. Anaona manja basi. A Fainala anagwira kaphazi, chala chachikulu n'kutsamira pakafupa kena ka kunja, dzanja linalo n'kumakatembenuza pang'onopang'ono, mosakakamiza, monga mmene a Tobias amafewetsera chikopa chonyowa. Mwana anali kuyamwa, osalira n'komwe. Kenako namwino anaviika bandeji yaufa woyera m'madzi, anakulunga, a Fainala n'kumasalaza ndi chikhatho mpaka inauma phazi lili pamalo pake. A Tobias anaona ngati akuonerera chinthu chimene munthu sayenera kuonerera atavala chipewa, ndipo anachivula.

Ezelina atatuluka, iwo anatsalira. Analoza pansi. "Nanga awa, adokotala?"

A Fainala anagwada, anamasula timapilo ta tayala tija, anawagwira mapazi mofatsa. Chimwalirire mayi awo, palibe anali atawagwirapo mapazi choncho.

"Sindikunamizani, bambo. Mafupa a khanda ndi ofewa, amamvera. Anuwa anakhwimira momwemo. Pangafunike opaleshoni yaikulu, ndipo sindingalonjeze kuti mungayende bwino kuposa lero."

"Ndiye mukanandipeza ndili khanda?"

"Bwenzi mukuvala nsapato za m'sitolo."

Pobwerera a Tobias ankangoganiza zimene anaona. Manja, madzi ndi bandeji, basi. Zaka zonse za kusekedwa, sukulu yosiyira panjira, amayi olambalala mtengo, zonsezo zikanatha ndi manja, madzi ndi bandeji. Sanadziwe ngati chimene ankamva mumtima ndi mkwiyo kapena chisoni. Atafika pamphambano anamuyang'ana Chancy ali m'tulo n'kunena kuti, "Amake Chancy, akadzachotsa chikhakha, mwanayu muzimusiya pano. Ine ndimakhala pansi tsiku lonse. Munda wanu si uwo?"

Aloysius atamva anakanda m'mutu. "Bambo, tikuthokoza, koma anthu adzati chiyani?"

"Ananena kale, achimwene. Atsala ndi chiyani?"

Umo ndi mmene pansi pa mtengo wa mango panabwerera katoni ya sopo yoyalamo chitenje. M'mawa uliwonse Ezelina ankamusiya mwana n'kuthamangira kumunda, ndipo dzuwa likakwera ankabwera, kusamba m'manja kuti utomoni uchoke, n'kumuyamwitsa. Mvula ikayamba, a Tobias ankanyamula katoni choyamba, nsapato za eni pambuyo, n'kukabisala pakhonde la golosale. Anaphunzira kusuzumira pakabowo ka kumbuyo kwa nsapato kuti aone ngati chidendene chakhala pansi. Anaphunziranso kuti khanda la chitsulo limaponya miyendo yonse pamodzi, ndipo msongolo wawo ndiwo unalawa phunzirolo.

Sizinali zokoma zokhazokha. Masiku oyamba Chancy ankalira mpaka kusasa mawu, akulimbana ndi chitsulo. Tsiku lina analira kuyambira m'mawa, makasitomala n'kumachoka, mayi wina wogulitsa tomato n'kukuwa kuti, "Mumasuleni mwanayo, nkhanza bwanji! Mukufuna afanane nanu?" Dzanja la a Tobias linafika palamba. Anayang'ana nkhope yonyowa ya mwanayo, kenako anayang'ana mapazi awo pansi pa chiguduli, ndipo anabweza dzanja. Anamunyamula, chitsulo chikuwagunda m'nthiti, n'kuyamba kuyenda naye uku ndi uku ndi kayendedwe kawo kopendama kaja. Kugwedezekako kunamugoneka mwana.

"Mwaona?" anauza mayi wa tomato uja. "Kuwongola mtengo n'kuli waung'ono. Ine ndine umboni wa mtengo umene anaulekerera."

Kuyambira tsiku limenelo chiguduli anachitaya. Anyamata a kabaza ankawaseka kuti atsegula sukulu ya mkaka, iwo n'kumayankha kuti malo alipo, abwere nawonso awaphunzitse kulemekeza akulu.

Fodya anathyoledwa, anasokedwa, anauma m'zigafa. A Fainala ananena kuti tsopano tinsapato n'ta pogona pokha, mpaka mwana adzasinkhuke ndithu. Katoni inachoka pansi pa mtengo, ndipo a Tobias anadabwa kuona mmene malowo anakulira. Banja lija linatsala kuti lilimenso chaka china. Ezelina akamadutsa ankapatukira kwa a Tobias, Chancy ali kumsana miyendo itazungulira m'chiuno ngati mwana aliyense, ndipo a Tobias sankalephera kufunsa ngati tinsapato akuvalabe pogona. Koma mumtima munali kamantha. Phazi looneka bwino m'manja ndi lina, phazi losenza mwini wake ndi lina.

Mvula yoyamba ya chaka chotsatira inagwa mbandakucha. M'mawa dothi la pamphambano linali lofewa, likununkhira. Ezelina anafika kudzasoketsa jombo za mwamuna wake, n'kumuika Chancy pansi. Mwanayo anagwirira bondo la mayi ake, anaimirira, anayang'ana kampira ka ulusi kamene kanali m'manja mwa a Tobias, n'kusiya bondo lija.

Anaponda kamodzi. Anapondanso. Anadzandira, manja m'mwamba, n'kudzagwera pamiyendo pa a Tobias akuseka.

Ezelina analulutira mpaka agalu a kugolosale anauwa. Koma a Tobias sankayang'ana mwana. Ankayang'ana pansi. M'dothi lonyowa munali kaphazi kathunthu: chidendene chozama bwino, mphepete yake, ndi timadontho tisanu ta zala. Pambali pake panali pamene iwo anaponda pobwera, dzenje lobulungira ngati pogunda munsi. Misozi inatsika osaibisa. Anamupereka mwana kwa mayi ake, anakhuthula madzi m'beseni lija n'kuvundikira kaphaziko, kuopa mbuzi ndi matayala a njinga.

Tsiku lonselo zikopa zinakhala zouma. Wofunsa ankangouzidwa kuti beseni lili ndi ntchito.

Chakumasana kunadutsa mtsikana wina wa kuesiteti, mimba ili patsogolo. Anayamba kulambalala monga mwa mwambo, koma beseni lovundikira pakati pa njira linamukoka mtima. Anaima chapatali.

"Agogo, mwavundikira chiyani? Nkhuku?"

"Bwera udzaone wekha, mwanawe."

Anasendera monyinyirika. A Tobias anatukula beseni pang'onopang'ono.

"Ndi la Chancy," anatero. "Mwana uja ankati watengera ine."

Mtsikanayo anawerama, anaona tizala tija, ndipo kuseka kwa chimwemwe kunamupulumuka. Pomwepo anakumbukira pamene waima. Anagwira pakamwa ndi dzanja limodzi, linalo pamimba, maso ali tong'o ndi mantha.

"Seka, mwana wanga," anatero a Tobias. "Seka ndithu."