Kapu ya Adzukulu Inawadutsa Amuna Anga

Lachiwiri lapitali tinaika maliro a bambo Msiska, mkulu wina wa m'mudzi mwathu muno kufupi ndi Phwezi. Anali okalamba, anadwala nthawi yaitali, ndiye imfa yawo sinatidzidzimutse. Koma ine mtima unali m'mwamba chimvereni uthengawo. Sindinkaopa maliro ayi. Ndinkaopa kapu.

Inu amene munakulira kumudzi mukuidziwa kapu imeneyi. Adzukulu, amuna okumba manda aja, amalawirira ndi makasu ndi mapiki. Dzuwa likayamba kuwawa, abale a malemu amawatumizira chigubu cha kachasu, akuti cholimbitsa thupi. Kapu imakhala imodzi. Imayenda dzanja ndi dzanja, ndipo ikafika pa iwe n'kuikana, ndiye kuti wanyoza anzako, wanyozanso banja loferedwa.

Amuna anga, a Gondwe, bambo a Tawonga, ndi mmodzi wa adzukulu. Nthaka yathu kuno ndi yamiyala, ndipo akafika polimba onse amaitana iwo. Komanso amuna angawa anali chidakwa. Sindikuwanyoza, andilola okha kuti ndilembe. "Lemba," anatero, "mudzi wonse unandiona nditagona m'ngalande, chobisa n'chiyani?" Mowa anausiya mvula ya chaka chatha ikuyamba, ndipo chisiyireni aka kanali koyamba kuitanidwa kumanda.

Tsiku limene anasiya ndinawauza pamaso pa ankhoswe kuti akadzabwereranso ku mowa, ine ndikupita kwathu ku Bolero. Sindinkaseka. Koma mwambo wathu kuno mukuudziwa: mkazi wolowoledwa akachoka, ana amatsala. Ndiye m'kapu ija munali Tawonga wanga, munalinso khanda lili kumsanali.

Ndinayesa kuwanyengerera. "Bambo a Tawonga, bwanji mungouza anzanuwo kuti msana ukuwawa?"

"A Msiska anakumba manda a bambo anga," anandiyankha. "Ine ndigone m'nyumba?"

Iwo anatenga foni n'kuimbira a Likoswe.

A Likoswe ndi mlaliki amene mpingo unamutuma kudzagwira ntchito pakati pa anthu ogwidwa ndi mowa ndi chamba. Ife tinazolowera kuti mmishonale ndi mzungu wakale uja wa ku Khondowe, wa nyumba zanjerwa pamwamba pa phiri. Wathuyu ndi bambo wamfupi wochokera ku Mulanje, njinga yake ilibe mabuleki, ndipo Chitumbuka chake ndi "yewo" ndi "chomene" basi. Lachinayi lililonse masana amasonkhanitsa anthu ake pakhonde la tchalitchi. Amaimba, amasanjikana manja, amapempherera machiritso. Ndaonapo amuna akuluakulu akulira pamenepo ngati ana.

Koma chimene ndimakonda ine chimabwera akatha kunena ameni. A Likoswe amafunsa mmodzimmodzi kuti, "Sabata ino mdani akukudikira pati?" Wina amati pamsika Loweruka. Wina amati pabawo. Wina amati panjira yobwerera kumunda, pamene pali mayi wotcheza kachasu. Ndiye amagawana: uyu apita ndi uyu kumsika, uyu akamudikira uyu panjira. Palibe amene amatumizidwa yekha kumalo kumene anagwera.

M'mawa wa Lachiwiri ndinawaona akubwera, a Likoswe patsogolo, anzawo angapo pambuyo, makasu paphewa. Anawatenga amuna anga pakhomo n'kumapita nawo.

Kumene akukumba akazi sitifikako. Ine ndinali kumoto ndi azimayi anzanga, kuphikira anthu a pamaliro. Ndinaganiza kuti manja angawa achitepo kanthu, ndiye ndinawiritsa ndowa ya tiyi wa jinja n'kupatsa alamu anga a Yotamu kuti akasiye kumanda. Azakhali ena anaseka mpaka kugwira m'chiuno, n'kundiitana ndi dzina la kwathu. "Nyamhango, adzukulu kumwa tiyi? Wamva kuti ali paukwati?" Ndinangoti, "Yewo, mama," n'kupitiriza kusonkhezera moto. Nyemba ndinathira mchere kawiri. Maso anga anali panjira ya kumanda.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza alamu angawo, ndipo sachedwa kuseka m'bale wawo, ndiye ndikuwakhulupirira.

Chigubu chitafika, amuna anga anali m'dzenje, akulimbana ndi mwala. Chiza, mnzawo amene ankamwa naye kale, anadzaza kapu n'kuima m'mphepete mwa dzenjelo.

"A Gondwe, tulukani mudzalandire. Kapena mwakhala abusa?"

Anthu anaseka.

"Taonani, yadzaza bwinobwino. Mulungu wanuyo amaletsa kulira maliro? Imodzi yokha, ya a Msiska."

Piki inaima. Fungo linali litatsikira kale m'dzenjemo.

Apo ndi pamene a Likoswe anavula jekete ndi nsapato n'kudumphira m'dzenje, malaya oyera ali m'thupi. Akuluakulu anakuwa: "Ayi ayi, mlendo sakumba! A mlaliki, tulukani, ntchito yanu ndi ya masana!" Iwo anangoti, "Ndadzaphunzira, adada." Anaika dzanja paphewa la amuna anga n'kupemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinamvapo: "Ambuye, mwana wanu ali ndi ludzu. Mugwireni." Sanamuyankhe Chiza, sanalalikire aliyense. Kuyankha anawasiyira eni ake.

Amuna anga anakweza maso. "Chiza mnzanga, kapu ndaiona, ulemu ndalandira. Yewo chomene. Koma ine ndikamwa imeneyo, manda otsatira mudzakumba anga. Ipitirire."

Kenako mkulu wa adzukulu, munthu amene sanakanepo kapu chibadwire, anati, "Wamva, Chiza. Ipitirire." Ndipo inapitirira.

A Likoswe sanatuluke m'dzenjemo mpaka mwala unachoka. Kukumba sadziwa, zimenezo tisabise. Chiza yemweyo ndi amene ankawakuwira kuti, "Abusa, khasu si Baibulo, ligwireni kumapeto kwa mpini!" Anatuluka manja ali matuza okhaokha, malaya afiira ngati njerwa, ndipo masana analalikira pamaliro atabwereka malaya a alamu anga, ofika m'mawondo. Tiyi wanga anatha. Kachasu nayenso anatha, sindinama. Koma wina aliyense anamwa chimene anasankha yekha.

Tsono ndifunse, abale anga. Kodi misonkhano ikuluikulu ija sitinaione? Galimoto imabwera ndi zimkuzamawu, chidakwa amachikokera kutsogolo, amaphwanya botolo, tonse timakuwa kuti wamasulidwa, timavina mpaka fumbi kobo. Lolemba galimoto yapita. Lachiwiri munthu uja akumana ndi kapu ali yekhayekha. Akagwa timati analibe chikhulupiriro. Nanga ife amene tinavina tinali kuti?

Musandimve molakwa. Pemphero limachiritsa, ine ndine mboni. Ndinalira zaka, ndinabisa makapu, ndinatsanulira kachasu m'chimbudzi, ndinaitana ankhoswe mpaka anatopa nane, koma palibe chinasintha kufikira amuna anga atagwada okha pakhonde lija. Amene anawachiritsa ndi Mulungu. Koma ine ndalera ana, ndikudziwa kuti chilonda sutsuka tsiku limodzi n'kunena kuti basi. Masiku oyambirira atasiya, thupi lonse likunjenjemera, a Likoswe anawapempherera, kenako anawakweza panjinga ija n'kupita nawo kuchipatala. Sanaone ngati adokotala akulanda ntchito ya Yesu. Pemphero la anthu amenewa lili ndi miyendo, limakuperekeza.

Funso lina ndi la ife eni mudzi. Anatiuza ndani kuti manda sangakumbike popanda kachasu? Anyamata athu angati amene kapu yawo yoyamba anailandirira kumanda, kuchokera m'manja mwa amalume awo, pamaso pa akuluakulu? Ndipo chigubucho amagula ndani? Si ife tomwe, ofedwa, amene mawa tidzalira kuti mwana watha ndi mowa? Sindikuti ndithetsa mwambo, ine ndine ndani. Ndikungopempha kuti pambali pa chigubu pazikhalanso ndowa ya tiyi kapena thobwa, ndipo munthu akati ipitirire, isakhale nkhani.

Lachinayi Chiza anandipeza ku mjigo. Anafunsa kuti pakhonde paja amayamba nthawi yanji, akuti akufunsira msuweni wake. Ndinamuuza. Sanabwere. Mwina sabata ya mawa, mwina chaka cha mawa. Ine kudikira ndinakuphunzira.

Koma ndibwerere ku Lachiwiri. Maliro atatha, amuna anga anafika pakhomo dzuwa likupendeka, dothi mpaka m'tsitsi. Ine ndili ndi chizolowezi changa cha kalekale: akamafika ndimamasula mwana kumsana n'kuwapatsira, kuti ndiwayandikire ndimve fungo. Zaka zonsezi ndinkayesa sadziwa. Tsiku limenelo analandira mwana, anandiyang'ana, n'kuweramira pankhope panga.

"Haaa. Nunkhiza bwinobwino, mayi a Tawonga, usachite kuba."

Jinja. Jinja ndi thukuta basi.

Tawonga anali atawakwera kale pamwendo. Ine ndinapita kukawatenthetsera madzi osamba, ndikuyenda ngati mudzi wonse ndi wanga. Ndipo azakhali aja akadzafuna ndowa ya tiyi pamaliro ena, adziwe kuti ndowa ndili nayo.

Nanga kwanuko, amene munamupempherera Lamulungu lapitali, kapu ikadzamupeza ali m'dzenje, adzatsikiremo ndani?